Kalata Imene Inagwera Pamsipu wa a Hobart

"Ndiye ukukana kuti zolembazi ndi zako?" anafunsa achemwali anga a Verna, akugwedeza kakhadi pamwamba pa tebulo lakukhitchini. Pakona pa kakhadiko panali podindidwa ndi mano a ng'ombe.

"Sindikukana, azakhali," anayankha mwana wanga Tabitha. Anali atakhala pafupi ndi zenera, atafunda jekete ya malemu mwamuna wake ngakhale kunja kunali dzuwa. "Ndikungodabwa kuti kafika bwanji m'manja mwanu. Sindinalembere inu."

"Unalembera ndani?"

"Dzina lili pamwambapo."

A Verna anatembenukira kwa ine. "Achimwene, mukumumva mwana wanuyu?"

Ndinkamumva. Koma ndinali nditagwira kapu ya khofi, ndipo ndinkasuzumiramo ngati muli nkhani yofunika kwambiri.

Royce, mwamuna wa Tabitha, anali atatha milungu isanu ali m'manda. Mtengo umene ankadula kuphiri unagwera komwe iye anathawira. Kuyambira tsikulo Tabitha anabwerera kunyumba kwanga, m'chipinda chake chakale.

Kumpingo kwathu kulibe maliro masiku ano. Abusa a Gentry atabwera kuno kumapiri a Kentucky zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, anawathetsa. Tsopano timachita chikondwerero cha moyo. Zovala zakuda sizifunika, nyimbo zimakhala zoomba m'manja, ndipo bokosi likangotsika, Komiti ya Chitonthozo, imene wapampando wake ndi a Verna, imagawa mabaluni oyera. Aliyense amalemba mawu pakakhadi, kwa malemu kapena kwa Mulungu amene, n'kukapinda, n'kulemba dzina lake kunja. Komiti imaika kakhadiko m'kajumbo kuti mvula isakawononge panjira, n'kukamangirira ku chingwe. Abusa akawerenga mpaka katatu timataya zingwezo, ndipo tonse timayang'ana kumwamba tikumwetulira. Kumene mabaluniwo amakagwera palibe anafunsapo.

La Tabitha linakagwera pamsipu wa a Hobart Caudill, kuseri kwa phiri. Ng'ombe yawo inatsamwa ndi chingwe, mdalayo n'kuchisolola kukhosi, ndipo ataona chidindo cha mpingo pakakhadi anapita nako ku ofesi ya abusa kukadandaula. Iwo anadandaula za ng'ombe. Mlembi wa abusa anachita chidwi ndi zina. Pofika masana, amayi onse a komiti anali ndi chithunzi cha kalatayo m'mafoni mwawo.

"Tawerengani nokha," anatero a Verna, akundikankhira kakhadiko.

"Zaka makumi atatu ndinagwira ntchito ku positi ofesi, achemwali. Kalata ya mwini sindinatsegulepo."

"Chabwino, ndikuwerengerani." Anavala magalasi. "'Mulungu, mwandilanda Royce. Anatsala ndi mitengo iwiri kuti aweruke. Phiri lonse lija, panalibe pena pogwetsera? Akuti ndikuthokozeni. Sindikuthokozani. Ndakukwiyirani, ndipo sindikudziwa ngati ndidzasiye.'" Anavula magalasi aja. "Dzanja lomweli ndi limene limatiimbira limba Lamulungu lililonse."

"Lomwelo," anatero Tabitha.

"Komiti yakhala pansi ndi abusa. Tikukupatsa milungu iwiri. Lamulungu lachiwirilo uimirire kutsogolo, upepese, upereke umboni wa chigonjetso. Ukakana, limba ulisiye. Sitingatsogoleredwe ndi munthu wotukwana Namalenga."

"Sindinatukwane. Ndinafunsa funso."

"Funso la chiyani? Mbiya imafunsa woumba? Tayang'ana bambo akowa. Mayi ako Imogene atamwalira, sanagwetse msozi ngakhale umodzi. Mawa lake anali akutchetcha kapinga. Mpaka lero abusa amawatchula pa ulaliki. Chikhulupiriro ndi chimenecho."

Tabitha anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinadziwa kuti akudikira.

"Khofiyu wazizira," ndinatero.

Anaimirira pang'onopang'ono. "Limba lawolo alitenge, azakhali. Ndi Mulungu wawo wofuna kumwetuliridwa ngati wojambula zithunziyo amutengenso. Ine wanditopetsa."

Sabata imeneyo chakudya chinayambiranso kubwera. Chinali chitasiya patatha milungu iwiri chiikire maliro, potsata ndondomeko ya komiti, imene imaona kuti chisoni cha Mkhristu wokhwima chimathera pa mbale ya khumi ndi chinayi. Koma tsopano panali chifukwa chatsopano. Amayi ankabwera ndi makaroni, nkhuku yokazinga, nyemba ndi buledi wachimanga, mbale iliyonse yomatidwa dzina la mwini kunsi kwake. Ankaika mbale patebulo maso ali kukhomo la chipinda cha Tabitha, ngati anthu obwera kudzaona chilombo chogwidwa pamsampha. Aliyense ankandigwira phewa n'kunena kuti akutipempherera. Sindikukayika kuti ankatero. Ndinkangomva kuti mapempherowo amachitikira pafoni, anthu atatuatatu.

Lachinayi abusa anabwera okha. Ndi munthu wa mano oyera kwambiri, ndipo amawagwiritsa ntchito mosaumira.

"M'bale Orville, thanthwe lathu," anatero akundifinya dzanja. "Mlongo Tabitha, ndabwera ndi uthenga wabwino."

"Royce wadzuka?"

Abusa anaseka, kenako anaona kuti aseka okha. "Royce wakwezedwa pantchito, mlongo. Mulungu anamufuna kumwamba."

"Kuli mitengo yodula kumeneko?"

"Njira zake si njira zathu."

"Zimenezo ndaziona ndithu."

Anakhala pampando n'kuika zigongono pamawondo, monga amachitira akafuna kuoneka ngati mnzathu. "Tamvera, mwana wanga. Mpingo uli ngati sitolo. Munthu akalowa n'kupeza wogulitsa akulira, amabwerera pakhomo. Mwezi uno tili ndi mabanja atatu achilendo. Akamva kuti woimba limba wathu wakwiyira Mulungu, aganiza chiyani?"

"Mwina aganiza kuti mwamuna wake wamwalira."

Ndinayesa kuthandiza, mwa njira yanga. "Abusa, paja pamanda a Lazaro Ambuye nawonso analira."

"Mphindi zingati, m'bale? Ziwiri, mwina zitatu. Kenako anapukuta maso n'kuchitapo kanthu. Uyu walowa sabata yachisanu ndi chimodzi." Anatulutsa pepala lotayipidwa bwino m'thumba la jekete. "Ndakupeputsira ntchito, mlongo. Umboni wako ndi uwu. Ungowerenga, umwetulire pamene ndaika nyenyezi, basi nkhani yatha."

Atapita ndinatenga pepalalo. Nyenyezi zinalipo zinayi.

"Mwina ungowerenga," ndinatero. "Ndi mizere khumi ndi iwiri yokha. Mlandu suwola, Tabitha. Ukauzemba lero udzaupeza mawa."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ababa. Inu m'mimba mwanu simunamvepo kanthu."

"Usalankhule choncho."

"Ndilankhule bwanji? Amayi atamwalira ndinabwera kudzalira nanu. Mukukumbukira zimene munandiuza? Munati ndikaone ngati mbale za anthu zatsukidwa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikudziona wochimwa, chifukwa ine ndinkalira, inu oyera mtima mukutchetcha kapinga. Inu ndi Mulungu wanu mumamvana, poti nonse simulankhula."



"Lamulungulo ndidzapita kukabweza kiyi wa limba," anapitiriza. "Lolemba lake ndikupita ku Ohio kwa alamu anga. Kumeneko palibe amandidziwa, ndipo m'tchalitchi sindidzapondamonso. Kupemphera ndasiya kale."

Analowa m'chipinda mwake, n'kubwera ndi Baibulo limene mayi ake anamupatsa tsiku la ubatizo. Analiika pashelefu yanga, pakati pa mabuku a mbiri yakale. "Lisungeni. Inu limakuthandizani."

Sabata yotsatira a Verna anandipeza ndikuthirira tomato kuseri kwa nyumba.

"Wasintha maganizo?"

"Akupakira zovala."

"Mulekeni apite kumene. Dzina la banja lathu likukhala m'kamwa mwa aliyense. Ku saluni dzulo anthu anasiya kulankhula nditangolowa."

"Ndiye anali asanamalize kuwerenga, achemwali?"

"Musandiseke, achimwene. Ine ndinaika mwamuna m'manda, ndinayimba ndi kuomba m'manja. Munandiona ndikuchititsa manyazi Ambuye?"

"Sindinakuoneni."

"Nanga iye ndi ndani? Nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Tikamulekerera, mawa aliyense azilira m'tchalitchi."

Ndinaganizira za tchalitchi chodzaza anthu olira, ndipo sindinaone kuopsa kwake. Ndinathira madzi ena pa tomato amene anali atakhuta kale.

Loweruka m'mawa a Hobart anaimika kagalimoto kawo kakale pageti. Ndi mdala wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, ndipo m'tchalitchi analowamo komaliza tsiku la ukwati wawo. Anakwera pakhonde atanyamula chitini chachikulu cha mabisiketi, chadzimbiri.

"Ndamva kuti ndayatsa moto, Orville."

"Mwayatsa ndithu."

"Ine ndinapita kukanena za ng'ombe. Ndikanadziwa, ndikanaisiya imalize kumeza. Ng'ombe imasunga chinsinsi kuposa komiti." Anakhala pansi mobuula. "Kale maliro kunali kulirana. Mwana wanga atafera mumgodi, amuna asanu ndi mmodzi anakhala nane pakhonde masiku atatu. Palibe anandiuza kumene wapita kapena chifukwa chake. Ankangosuta fodya. Mpaka lero ndimawayamika."

Anaika chitinicho pamiyendo panga. Nditatsegula ndinapeza timajumbo tambirimbiri, tina tofiira ndi dothi, tina totuwa ndi dzuwa.

"Mphepo ya kumanda kwanu imadziwa njira imodzi yokha," anatero. "Zaka zisanu ndi zitatu ndikutola. Mabaluni ndimatentha. Koma makalata opita kwa Mulungu, ngakhale ndi chikunja changa chonsechi, dzanja limakana kuwaponya pamoto."

"Munawawerenga?"

"Magalasi ndili nawo. Koma amayi anga anandilera. Iwe unali wa positi, ndiwe udziwa chochita ndi kalata yosochera."

Atapita ndinachita zimene manja anga amadziwa. Ndinayala makalatawo patebulo n'kuwasanja potsata maina a kunja. Analipo makumi anayi ndi atatu. Panali a madikoni, a amayi a komiti, ya amayi busa, ndi ya a Verna ya tsiku limene tinaika mwamuna wawo. Chakumapeto ndinapeza yanga. Panalibe chifukwa choitsegulira, poti ndinkaidziwa pamtima. Ndinaitsegulabe. Ndi yokhayo imene malamulo ankandilola.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza kuposa tsiku la Pasaka. Nyimbo zinkachokera m'makina, poti Tabitha anakhala kumbuyo ndi ine, kiyi ali m'manja. Ulaliki utatha abusa anaonetsa mano onse.

"Mlongo wathu ali ndi mawu oti atiuze."

Tabitha anayamba kuimirira. Ndinamugwira mkono, n'kuimirira ine, chitini chili m'khwapa.

"Thanthwe lathu likufuna kuyamba," anatero abusa mokondwa. "Bwerani, m'bale Orville."

Ine si wolankhula pagulu, ndipo njira ya kuguwa inatalika tsiku limenelo.

"Abale," ndinatero, "popeza masiku ano makalata opita kwa Mulungu amayamba adzera ku komiti, ndabweretsa yanga. Yachedwa zaka zisanu ndi chimodzi. Nayonso inagwera kwa a Hobart." Ndinatambasula kakhadi. "'Ambuye, zaka makumi anayi ndakutumikirani. Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha. Miyezi isanu ndi iwiri mkazi wanga akubuula, Inu muli phee. Ine galu wanga sindikanamusiya choncho. Musandilankhule.'"

Mano a abusa anabwerera m'kamwa.

"Mwakhala mukumva kuti sindinalire. N'zoona. Koma sichinali chikhulupiriro, anali mantha. Ndinkaopa kuti ndikayamba sindidzatha. Chaka chathunthu, m'mawa uliwonse, ndinkalowa m'galimoto, n'kutseka magalasi, n'kumuuza Mulungu zimene mwamvazi ndi zina zoposa pamenepa. Pemphero lina ndinalibe. Sanandikanthe. Tsiku lina ndinangozindikira kuti munthu sakangana chaka chonse ndi amene kulibe. Ndipo Mwana wake yemwe ali pamtanda anamufunsa chifukwa chake, mokweza, anthu akumva. Komiti ya nthawi imeneyo nayonso sinakondwe."

"M'bale Orville, mwina tikakambirane ku ofesi."

"Ndatsala pang'ono, abusa." Ndinakweza chitini chija. "Muno muli makalata ena makumi anayi ndi awiri, a anthu amene muli muno. Sindinawerenge ngakhale imodzi. Ngati lamulo ndi lakuti komiti iziwerenga, ndiwapereka kwa wapampando atiwerengere pompano. Ndawasanja kale. Ili pamwamba ndi ya wapampandoyo. Ngati lamulolo kulibe, aliyense adzatenge yake pakhomo, ndipo mwana wanga mumusiye alire mwamuna wake. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe."

Anthu amene anabwera kudzaona Tabitha anayamba kuona nsapato zawo. Dikoni wina wamkulu, amene amafuula amen ngakhale pa zolengeza, anagwidwa ndi chifuwa. Amayi busa ankafufuza chinachake pansi penipeni pa chikwama chawo.

A Verna anaimirira atagwira benchi yakutsogolo. "Ndikupereka ganizo lakuti nkhaniyi itsekedwe."

Anthu asanu anavomereza nthawi imodzi, chinthu chimene sichinachitikepo mumpingo wathu. Dikoni wa chifuwa uja anawonjezera kuti mabaluni athetsedwe, poganizira ziweto. Zonse zinadutsa. Palibe anapepesa. Abusa anatseka ndi pemphero lothokoza Mulungu chifukwa cha chigonjetso.

Ndinaima pakhomo ndi chitini changa. Ankabwera mmodzimmodzi, kutchula dzina chapansipansi ngati sitikudziwana, n'kubisa kajumbo m'thumba. A Verna anabwera pomaliza. Anatenga yawo n'kuifumbata.

"Ndinali nditatopa tsiku limenelo, achimwene."

"Sindinawerenge, achemwali."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikukuuzani." Anayang'ana Tabitha, n'kukonza kolala ya jekete ya Royce imene inali itapindika. Kenako anapita.

Tinalowa m'galimoto. Tabitha anali akadali ndi kiyi uja.

"Munalembadi zimene zija? Za galu?"

"Ndinalemba."

"Mulungu anakuyankhani?"

"Ndi mawu, ayi. Koma m'mawa uliwonse ndinkamupeza momwe muno. Wina aliyense wonenedwa chotero akanasamuka. Ndimakhulupirira kuti mayi ako ali naye, ndi Royce yemwe, ndipo tidzawaona. Kukhulupirirako sikuchotsa ululu. Kumangokuthandiza kudzuka ndi kuvala nsapato."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinkayesa ndikukuteteza."

"Munandisiya ndekha."

"Ndinakusiya. Pepa, mwana wanga."

Analira, osati mobisa, koma monga amalirira munthu amene mwamuna wake anapita kuntchito m'mawa osabwerako. Ndinagwira chiwongolero ndi manja awiri. Kenako dzanja limodzi ndinalichotsa n'kuliika paphewa pake. Magalimoto ena onse anapita, ndipo sindinamuuze kuti asiye.

"Ku Ohio sindipita mawa," anatero pomaliza, akupukuta mphuno. "Limba sindiimba panopa, adikire. Lamulungu ndidzabwera, ndidzakhala kumbuyo nditavala zakuda, ndipo ndikafuna kulira ndidzalira. Mulungu ndikadali womukwiyira, ababa."

"Uzimuuza. Amapirira."

"Mudzakhala nane?"

"Ndidzakhala nawe."

"Mudzalira nawo?"

Ndinaliza injini. "Tisathamange," ndinatero.

Koma msewu sindinkauona bwino, moti anayendetsa ndi iye.